Kalata kwa eni magemu: wobwera mochedwa mupatseni gemu yathunthu

Kwa inu akuluakulu a Nintendo, Sony, Microsoft, Sega, Electronic Arts, ndi ena nonse amene mumakhala pansi n'kugamula mitengo ya magemu,

Zikomo mabwana. Ndikulemba ndili ku Ulongwe, m'boma la Angónia, chigawo cha Tete kuno ku Mozambique, kumene ndili ndi kanyumba kamene achinyamata amadzalipira kuti asewere magemu. Pempho langa ndi limodzi. Mukatenga gemu yakale n'kuitulutsanso pa makina atsopano, kapena kuikonzakonza kuti izioneka bwino n'kuibweza pamsika pamtengo wa gemu yatsopano, zowonjezera zake zakale zija, zimene mumazitcha DLC, zizikhala momwemo. Musamazidule n'kuziikira mtengo wakewake. Ntchito yatsopano tilipiritseni, sitikana. Koma chinthu chimene mwakhala mukugulitsa zaka ndi zaka, ndalama zimene munalowetsapo n'kubwerera kalekale, si choti wogula watsopano azichilipira padera atapereka kale mtengo wathunthu wa gemuyo.

Chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi zimene a Nintendo anachita mu 2025. Gemu yawo ya The Legend of Zelda: Breath of the Wild inatuluka pa 3 Malichi 2017. Chaka chomwecho kunabwera zowonjezera zake ziwiri, The Master Trials ndi The Champions' Ballad, zogulidwa pamodzi pa madola 20. Ine ndilibe nazo mlandu zimenezo, poti gemuyo inali yokwanira payokha ndipo zowonjezerazo zinali ntchito yatsopano. Ndiye pa 5 Juni 2025 kunatuluka makina awo atsopano a Switch 2, gemu yomwe ija n'kubweranso itakonzedwa kuti zithunzi ziziwala ndi kuyenda mosadodoma, mtengo wake madola 70, kuposa madola 60 amene inkagulidwa ili yatsopano. Zowonjezera za 2017 zija m'katimo mulibe. Wozifuna atulutse madola 20 ena. Munthu wofuna kuona zonse za gemu ya zaka 8 akuuzidwa kuti alipire madola 90.

Kuno dola imodzi imasinthidwa ndi mametikali pafupifupi 64, ndiye madola 90 ndi mametikali oposa 5,700. Malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa kwa ogwira ntchito zaulimi mu 2024 sanafike mametikali 7,000 pamwezi, ndipo anthu ambiri a ku Angónia salandira za pamwezi n'komwe. Ndalama amaiona akagulitsa mbatatesi, chimanga, nyemba kapena fodya, kamodzi kaya kawiri pachaka. Madola 20 amene mwawadula padera aja ndi mametikali pafupifupi 1,300. Pa kanyumba kanga mwana amalipira mametikali 10 kuti asewere mpira umodzi. Muwerengere nokha kuti ndi mipira ingati imene iyenera kuseweredwa kuti zowonjezera za gemu imodzi zilipiridwe, magetsi a Credelec asanagulidwe, chowongolera chothyoka chisanakonzedwe.

Za Persona 3 ndiye zimawawa kuposa apa. Gemuyi inatuluka ku Japan mu 2006. Mu 2007 a Atlus anaitulutsanso ndi dzina loti Persona 3 FES, ndipo pa chimbale chomwecho anaikapo gawo lomaliza la nkhani, lofotokoza zimene zinagwera anthu a m'nkhanimo nkhani yaikulu itatha. Wogula chimbale cha PlayStation 2 ankapeza zonse pamodzi. Mu Febuluwale 2024 kunatuluka Persona 3 Reload, yomangidwanso kuyambira pansi, pa madola 70, koma gawo lomaliza lija munalibe. Linabwera mu Seputembala chaka chomwecho ndi dzina loti Episode Aigis, ndipo kuti munthu alipeze ayenera kugula phukusi la madola 35. Ndikuvomera kuti gawolo analimanganso ndipo anthu anakhetsapo thukuta. Komabe zatheka bwanji kuti mwana wa 2024 alipire madola 105 kuti aone mathero amene akulu ake anawapeza pa chimbale chimodzi zaka 17 m'mbuyomo? Mukamanganso nyumba ya nkhani imene anthu akuidziwa kale, mukudziwa bwino lomwe pamene nkhaniyo imathera. Kudula mathero n'kuwagulitsa pambali si ngozi. Ndi chinthu chimene munthu anachiganizira n'kuchisainira.

Mwina mukuganiza kuti amene akudandaula ndi anthu ochepa okonda kukangana pa intaneti. Imvani mmene gemu imafikira kuno. Sitolo yanu kulibe ku Ulongwe, ku Tsangano, ku Furancungo, ngakhale mumzinda wa Tete. Makina ndi zimbale zimatipeza zitagwira kale ntchito kwina. Zina zimabwera ndi madalaivala a mathiraki ochokera ku Johannesburg, amene amalowa pa Cuchamano n'kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Kassuende polowera ku Malawi. Zina zimabwera ndi m'bale amene anapita ku Lilongwe kudzera pa Calomue ndi Dedza, poti kwa ife Lilongwe ndi pafupi kusiyana ndi mzinda wa Tete. Zina zimachokera kwa wogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize amene wagula makina atsopano n'kugulitsa akale. PlayStation 4 inatuluka mu 2013, koma kuno achinyamata akaiona amati yamakono ndi imeneyi, ndipo PlayStation 2 ya 2000 ikadali pantchito m'tinyumba tambiri ngati kanga. Gemu imene kwanuko anaiiwala kalekale, kuno ikungofika kumene, ana akuunjikana pazenera kuti aione.

Ndiye zimene inu mumati kutulutsanso, kwa ife ndiko kutuluka koyamba. Mnyamata wa ku London amene anasewera gemu mu 2017, akaiona yatulukanso amatha kusankha, agule kapena asiye, nkhani akuidziwa kale. Wa kuno akuiona koyamba, ndipo mmene mwaidulira ndi mmene adzaidziwire moyo wake wonse. Taonaninso mmene malamulo anu mwawaikira. Amene anagula kale Zelda ndi zowonjezera zake pa Switch yoyamba amangolipira madola 10 kuti asamukire pa Switch 2, zowonjezera zake n'kumutsatira. Zimenezo munachita bwino. Koma ndiye kuti mtolo wonse mwausenzetsa wobwera mochedwa. Ndipo obwera mochedwawo ndani? Ndi ana amene mu 2017 anali asanayambe sukulu, ndi mabanja amene sakanatha kugula makina nthawi imeneyo, ndi anthu a m'mayiko ngati lathu lino. Amene ali ndi zochepa ndiye mwamuikira mtengo waukulu koposa onse.

Mayi wogulitsa tomato pamsika wa ku Ulongwe sachita choncho. M'mawa mulu ndi mulu, mtengo sasintha, ukanenerera amakuuza kuti upite kwina. Dzuwa likapendeka, tomato yemwe uja amamuthira basera, chifukwa mpamba wake waubweza kale ndipo akufuna kuti wogula wa madzuloyu mawa adzabwerenso. Simungamuone akukweza mtengo madzulo n'kuchotsanso tomato awiri pamulu kuti uwagule padera. Atayerekeza kutero, mawa lake anthu angamulambalale msika wonse.

Palinso njira ina imene zowonjezera zimatichokera mwakachetechete, ndipo imeneyi ndinaiona ndi maso anga. Mnyamata wina wa kusekondale amene amabwera kwanga anasunga ndalama zimene ankapeza ponyamula matumba a mbatatesi pamsika, mpaka anagula chimbale kwa munthu wochokera ku South Africa. Pa bokosi panalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti m'katimu muli gemu ndi zowonjezera zake zonse. Anabwera nacho Loweruka masana, anzake ali pambuyo, tinachiika m'makina. Gemu inayamba bwinobwino. Atafuna kulowa m'magawo owonjezera aja, pa sikirini panatuluka sitolo ndi mtengo. Titasuzumira m'bokosi tinapezamo kapepala kopindika, kolembedwa manambala ndi zilembo. Zowonjezerazo sizinali pa chimbale ayi. Zinali pa kapepalako, ndipo manambala otero amagwira ntchito kamodzi kokha. Mwini woyamba anali atawagwiritsa kale ntchito. Mnyamatayo anatenga chowongolera n'kuwalembanso pang'onopang'ono, akutchula chilembo chilichonse mokweza, poganiza kuti mwina wasokoneza O ndi 0. Anzake anangoti zii. Kenako anakapinda kapepalako n'kukabwezera m'bokosi, nandifunsa kuti, "Achimwene, kodi ku Tete kuli ofesi yawo yoti ndikadandauleko?" Ndinamuuza zoona, kuti kulibe.

Bokosi lolembedwa kuti muli zonse, pamene gawo lina lili pa kapepala kogwira kamodzi, limanamiza aliyense amene si mwini woyamba, ndipo kuno pafupifupi tonsefe si eni oyamba. Njira yolungama ilipo, ena mwa inu munaitsatirapo. Horizon Zero Dawn Complete Edition ya Disembala 2017 ili ndi chowonjezera chake, The Frozen Wilds, pa chimbale penipeni. The Witcher 3 itapita pa Switch mu 2019, inaikidwa yonse pa kakhadi kamodzi pamodzi ndi zowonjezera zake zikuluzikulu ziwiri. Zoterezi zikafika kuno zimayenda dzanja ndi dzanja zili zathunthu, ndipo wachisanu kuzigula amaona zomwezo zimene anaona woyamba.

Tsono tinene kuti munthu ndalama ali nazo ndipo wafuna kukulipirani ndi mtima wonse. Potsegula akaunti ya PlayStation Network, pa mndandanda wa mayiko Mozambique palibe. Kumwera kwa Sahara kuno dziko limene lilipo ndi South Africa lokha. Ndiye munthu amalemba kuti amakhala ku Johannesburg kapena ku Lisboa, kumene sanapondeko phazi. Ndalama zathu zimakhala mu M-Pesa, e-Mola ndi mKesh, osati m'makhadi a mabanki a kumeneko, choncho amagula manambala olipirira kwa amalonda a pa WhatsApp, amene amaikapo phindu lawo. Atadutsa pamenepo amapeza msampha wina. Chimbale chimasewera pa makina alionse, koma zowonjezera zimayenera kuchokera ku sitolo ya dera limene chimbalecho anachipangira. Chimbale cha ku America ndi zowonjezera zogulidwa pa akaunti ya ku South Africa sizigwirizana. Wogula chimbale cha kaunjika, chimene chadutsa m'manja mwa anthu angapo, angadziwe bwanji kuti ulendo wake unayambira kuti? Akalakwitsa, ndalama yapita, wogwira naye dzanja palibe.

Ndipo zikatheka zonsezi pamatsala mamega. Zowonjezera zina zimalemera magigabaiti ochuluka kuposa amene munthu wa kuno amagula mwezi wathunthu. Timazitsitsa usiku, foni itapachikidwa pazenera pamene netiweki imagwira bwino, tikupemphera kuti magetsi asazime. Mtengo wa intaneti si nkhani yamasewera m'dziko muno: mu Meyi 2024 achinyamata anaguba m'misewu ya Maputo podandaula za mitengo yatsopano ya mafoni ndi intaneti, mpaka mitengoyo inaimitsidwa. Chowonjezera chilichonse chimene mwachisiya kunja kwa chimbale, ife timachilipira kwa inu, kwa wamalonda wa manambala uja, ndiponso kwa kampani ya foni.

Ndikudziwa yankho lanu: kupanga gemu kwadula. Ndi zoona. Zikalata zimene zinaonekera pa mlandu wa FTC, bungwe la boma loyang'anira malonda, ndi Microsoft ku America mu 2023 zinasonyeza kuti Sony inalowetsa madola pafupifupi 220 miliyoni popanga The Last of Us Part II, ndi 212 miliyoni pa Horizon Forbidden West. Ojambula, olemba nkhani, oimba ndi olemba mapulogalamu ali ndi mabanja ndipo ayenera kulandira. Inenso ndimadya chifukwa choti ana amalipira akasewera, ndiye sindingaime pano n'kunena kuti zonse zizikhala zaulere. Blood and Wine, chowonjezera cha The Witcher 3 chimene chinatuluka mu Meyi 2016, chinabweretsa dziko latsopano la Toussaint ndi nkhani yake yoti munthu asewere masiku ambiri. Shadow of the Erdtree, chowonjezera cha Elden Ring, chinatuluka mu Juni 2024 pa madola 40, ndipo kukula kwake kumafanana ndi gemu yapayokha. Ntchito yotero ilipiridwe, ndipo amene amati ikhale yaulere sanagwirepo ntchito yoti wina adye thukuta lake.

Koma mfundo imeneyo imagwira pa ntchito yatsopano. Zowonjezera za 2017 sizikupangidwa lero. Amene anazipanga analandira malipiro awo nthawi imeneyo, ndipo zakhala zikukubweretserani ndalama chaka ndi chaka kuchokera pamenepo. Kuziika m'gemu yotulutsidwanso sikulira fakitale kapena thiraki, ndi mafayilo amene muli nawo kale. Ngati pali ntchito yozisinthira ku makina atsopano, ntchito imeneyo ndi imene madola 70 aja akulipira, apo ayi akulipira chiyani? Musatiuzenso kuti ndalama zapaderazi n'zotetezera antchito anu. Microsoft inamaliza kugula kampani ya magemu ya Activision Blizzard mu Okutobala 2023 pa madola pafupifupi 69 biliyoni, ndipo mu Januwale 2024 inachotsa ntchito anthu 1,900 a m'gawo la magemu. Mwezi wotsatira Sony inalengeza zochotsa anthu 900. Mitengo inali itakwera kale pamene anthu amenewa ankalongedza katundu wawo.

Kukayikira kwathu kuli ndi pochokera. Mu Epulo 2006 a Bethesda anagulitsa zovala zankhondo za hatchi mu The Elder Scrolls IV: Oblivion pa madola 2.50, anthu anakwiya, koma njira inali itatseguka. Mu 2012 a Capcom anatulutsa Street Fighter X Tekken ili ndi omenya 12 okhomeredwa pa chimbale chomwecho chimene munthu wagula, n'kudzagulitsa kiyi yake pa madola 20. Kuyambira pamenepo wosewera aliyense akamva za zowonjezera amadzifunsa ngati ndi chinthu chowonjezeradi kapena chidutswa chimene chachotsedwa dala. Chosangalatsa n'chakuti Oblivion yomweyo itakonzedwanso mu Epulo 2025, zowonjezera zake zakale, Shivering Isles ndi Knights of the Nine, zinali m'kati popanda mtengo wapadera.

Inu a Nintendo ndiye mukudziwa bwino kuposa wina aliyense kuti njira imene ndikupemphayi silowetsa kampani pansi. Mario Kart 8 inatuluka pa Wii U mu 2014, ndipo misewu 16 yowonjezera inkagulidwa padera. Mu Epulo 2017 munaitulutsanso pa Switch ndi dzina loti Mario Kart 8 Deluxe, misewu yonse 48 ili momwemo, oyendetsa owonjezera aja alinso momwemo. Yagulitsidwa makope oposa 60 miliyoni, kuposa gemu ina iliyonse pa makina amenewo. Kenako mu 2022 ndi 2023 munabweretsa misewu ina 48 pa madola 25, anthu n'kugula mosanyinyirika, chifukwa anaona kuti zakale munawapatsa ndipo zatsopano ndiye mukugulitsa. Malire ake anali oonekera kwa aliyense. A CD Projekt Red a ku Poland anapereka tinthu towonjezera 16 mwaulere The Witcher 3 itatuluka mu 2015, anagulitsa zikuluzikulu ziwiri, mu 2016 anaphatikiza zonse m'bokosi limodzi, ndipo mu Disembala 2022 anaikonzera makina atsopano popanda kulipiritsa amene anali nayo kale. Gemu imeneyo yadutsa makope 50 miliyoni. Mass Effect Legendary Edition ya 2021 inaika magemu atatu ndi zowonjezera zoposa 40 pamtengo umodzi. Akuluakulu athu amati kupatsa n'kuika, ndipo mabuku anu a ndalama akuchitira umboni mawu amenewa.

Tsopano ndinene chinthu chimene ambiri amachibisa akamalankhula ndi inu. M'misika ya m'chigawo chino muli anyamata amene amatsegula makina akale n'kuwadzaza magemu. Ukapita ndi makina ako, amakufunsa kuti ukufuna ati, n'kukuikira. Gemu imene amaikayo imakhala yathunthu, zowonjezera zonse zili momwemo, popanda kapepala, popanda akaunti ya ku Johannesburg, popanda mamega. Sindikuwaikira kumbuyo, ntchito ya eni ake ndi ya eni ake. Koma taganizani zimene mukumuphunzitsa mwana wa zaka 15. Mnzake amene sanakulipireni kalikonse akusewera mathero a nkhani, iye amene anasunga ndalama n'kugula chenicheni waima pakhomo lokhoma. Mwana ameneyu mawa adzakhala mphunzitsi, namwino, kapena injiniya ku Songo, pa damu la Cahora Bassa, ndalama ali nazo m'thumba. Adzakumbukira kuti kugula chenicheni kunamupindulira chiyani. Ine ndimayesetsa kuwauza kuti chinthu cha mwini chimagulidwa, koma mawu anga amachepa mphamvu bokosi lanu likawagwiritsa fuwa la moto.

Ndisaiwale mpira, poti pa kanyumba kanga ndi umene umadzaza mabenchi. Inu a Electronic Arts mumatulutsa gemu ya mpira chaka chilichonse, imene inkatchedwa FIFA mpaka inasintha kukhala EA Sports FC mu Seputembala 2023. M'gawo lake lotchedwa Ultimate Team munthu amamanga timu yake potsegula mapaketi ogula ndi ndalama asakudziwa chimene chili m'kati, kapena posonkhanitsa makobidi a m'gemu kwa miyezi. Gemu ya chaka chotsatira ikatuluka, osewera ake ndi makobidi ake zimatsalira m'mbuyo, iye n'kuyambanso wopanda kanthu. Pakati pa akatswiri akale amene mumawaika m'mapaketiwo pali Eusébio, mwana wa dziko lino, wobadwira ku Lourenço Marques, Maputo wa lero, mu 1942. Reinildo Mandava ndi Geny Catamo akadali m'bwalo, luso lawo limakwera ndi kutsika, ndiye ndingamve mukamati manambala awo ayenera kusintha chaka ndi chaka. Nanga Eusébio, amene anamwalira mu 2014, wasintha chiyani pakati pa chaka chatha ndi chino kuti mnyamata wa ku Tete amusakenso ndi ndalama zatsopano? Kumeneko ndi kudyera anthu masuku pamutu. Dziko la Belgium mu 2018 linagamula kuti mapaketi otere ndi juga, ndipo a Konami, atasintha gemu yawo ya mpira ya PES kukhala eFootball mu 2021, anasonyeza kuti timu ya munthu ikhoza kuwoloka naye kupita chaka china.

Chinanso chimene chimandisowetsa mtendere ndi kutsekedwa kwa masitolo. Sitolo ya pa intaneti ya Wii U ndi 3DS inatsekedwa pa 27 Malichi 2023, ya Xbox 360 pa 29 Julayi 2024. Sony inalengeza mu 2021 kuti itseka ya PlayStation 3, n'kubweza mawu anthu atalira chokweza. Kwanuko makina amenewa ali m'makabati. Kuno Xbox 360 ndi PlayStation 3 ndi amene akulowa m'manyumba tsopano. Sitolo ikatsekedwa, chowonjezera chimene sichinaikidwe pa chimbale nthawi zambiri sichigulikanso ngakhale munthu atabwera ndi ndalama m'manja. Pamenepo simungatinso mukuteteza malonda, poti simukugulitsanso. Mukafuna kutseka sitolo, zowonjezera za magemu a pamenepo zitsegulireni aliyense miyezi ingapo musanatseke, kuti amene ali ndi zimbale azitsitse n'kusunga. Simutayapo kanthu, ndipo ntchito ya anthu anu siifera m'seva yozimitsidwa.

Kalatayi ndikudziwa kuti ikhoza kufika msanga ku Maputo kusiyana ndi ku Kyoto kapena ku California, kumene ena mwa eni magemuwa ali, ndiye nanunso akuluakulu a boma lathu imvani. Tili ndi lamulo loteteza ogula, Lei 22/2009, limene limati wogula ali ndi ufulu wouzidwa zoona za chimene akugula. Achinyamata a dziko lino akugula zinthu za pa intaneti tsiku ndi tsiku, kuyambira madayamondi a m'gemu ya pafoni ya Free Fire mpaka manambala olipirira magemu, ndipo zikavuta sadziwa khomo loti agogode. Tiuzeni kuti khomo lake ndi liti, ndipo mukakumana ndi makampaniwa muwafunse chifukwa chimene dziko la anthu oposa 30 miliyoni silikupezeka pa mndandanda wawo.

Kwa inu eni magemu, ngati pali chifukwa chimene chikukukanikitsani kuika zowonjezera zakale m'gemu yotulutsidwanso, monga mmene a BioWare ananenera poyera kuti chowonjezera cha Pinnacle Station sichinalowe mu Mass Effect Legendary Edition chifukwa mafayilo ake oyambirira anawonongeka, nenani choncho, tidzamva. Ndipo kufikira mutasintha, lembani kutsogolo kwa bokosi, osati kumbuyo ndi tizilembo tosaoneka, kuti zowonjezera mulibe, kapena kuti zili pa kapepala kogwira ntchito kamodzi, komanso dera limene chimbalecho chikuyenderana nalo. Mulembe ndi m'Chipwitikizi momwe. Amene angayankhe kalatayi ayankhe poyera, m'Chingerezi kaya m'Chipwitikizi, ife kuno tidzamasulirana tokha.

Ine wanu,

Mwini kanyumba ka magemu,
Ulongwe, Angónia, Tete